Kodi madzi a Shire amadyadi chitsulo? Zomwe zidamiza sitima ya Ma Robert

Funso: "Ndine wageni kuno ku Nsanje. Ndapeza boti lachitsulo logwirapo kale ntchito lomwe mwini wake akugulitsa, ndipo ndikufuna ndizinyamulira chimanga, simenti ndi feteleza pa mtsinje wa Shire. Koma amalume anga, omwe adali mphunzitsi, akundiletsa. Akuti madzi a Shire ndi Zambezi amadya chitsulo, moti ngakhale sitima yoyamba ya David Livingstone idawola n'kumira zaka zitatu zisanakwane. Kodi n'zoona? Idamira bwanji? Ndigule botili kapena ndingokhometsa lamatabwa?"

Bambo, mtima m'malo, ndipo musawakwiyire amalumewo chifukwa mbiri akuikumbukira bwino. Sitimayo idalipodi. Dzina lake lidali Ma Robert, potengera momwe Amakololo ankatchulira Mary, mkazi wa Livingstone, ndipo idamira pa Zambezi mu December 1860 itangogwira ntchito zaka ziwiri ndi miyezi 7. Pomwe ndikusiyana nawo amalumewo ndi pa wopalamula. Iwo akuloza chala mtsinje. Ine, pa zaka zomwe ndakhala ndikukwawa pansi pa maboti ndi nyundo m'manja, sindinaonepo kuti madzi a Shire ali ndi ukali woposa madzi ena aliwonse opanda mchere. Ma Robert idabadwa yofooka kale, kenako idasenzetsedwa ntchito yomwe okhoma ake sadaiganizire n'komwe.

Idakhomedwa ku Birkenhead, moyang'anana ndi mzinda wa Liverpool ku England, ndi kampani ya banja la Laird, kumayambiriro kwa 1858. Nthawi idali yochepa, poti boma la Britain lidali litavomereza kale ulendo wa Livingstone wokaona ngati Zambezi angakhale njira ya malonda yolowera mkati mwa Africa. M'litali idali mamita 23, mulifupi osakwana mamita awiri ndi theka, pansi pake pafulati, ndipo inkayenda ndi mawilo awiri opalasa madzi, limodzi mbali iyi lina mbali inayo, oyendetsedwa ndi injini yanthunzi ya mahosipawa 12. Adaipanga m'zigawo zitatu zomangirirana ndi mabawuti. Zigawozo adazikweza pa sitima yaikulu yotchedwa Pearl, yomwe idanyamuka pa 10 March 1858 n'kufika kumathiriro a Zambezi pakati pa mwezi wa May.

Nkhani yaikulu ili pa chitsulo chake. Kuti sitima iyende pamadzi osaya iyenera kupepuka, ndiye okhomawo adasankha steel ya mtundu watsopano, yomwe idali isanayesedwe mokwanira pamadzi. Ma Robert ili m'gulu la sitima zoyambirira kukhomedwa ndi steel. Poikhulupirira kuti ndi yolimba kuposa chitsulo wamba, adaipyapyalitsa mpaka kukhuthala kwake kudangopitirira pang'ono milimita imodzi ndi theka. Tengani rula ya mwana wasukulu muone timizere take ting'onoting'onoto: kamodzi ndi theka, basi. Maboti achitsulo onyamula katundu omwe timakonza masiku ano pansi pake nthawi zambiri pamakhala mamilimita 4 mpaka 6. Dzimbiri likadya milimita imodzi pa boti lotere, ulendo umapitirira, mudzakonza chilimwe chikubwerachi. Pa Ma Robert dzimbiri likadya milimita imodzi ndiye kuti latsala pang'ono kutulukira mkati.

Ndiye mapulani adasokonekera tsiku loyamba lomwe. Zidakonzedwa kuti Pearl ndiyo ikwere mtsinje ndi katundu yense mpaka ku Tete, makilomita oposa 400 kuchokera kunyanja yamchere, Ma Robert izingoyenda yopepuka kufufuza njira kumtunda. Koma Zambezi wa kumunsi ndi wotambalala, wosaya, wodzadza ndi milu ya mchenga, ndipo njira yamadzi akuya imasuntha chaka ndi chaka. Pearl idalephera. Idatsitsa katundu yense pa kachilumba kena makilomita pafupifupi 60 kuchokera kugombe n'kupitiriza ulendo wake wa ku Ceylon, dziko lomwe lero ndi Sri Lanka. Kuyambira pamenepo kasitima kofufuzira njira kaja kadasanduka sitima yakatundu. Zakudya, nsalu, zida, nyumba yamalata yophwasula, makina ofinyira nzimbe, zonsezo inkazituta pang'onopang'ono kupita nazo ku Shupanga, ku Sena, mpaka ku Tete, kwinaku ikukoka boti lina lodzadzanso katundu.

Sitima yafulati ikalemedwa imalowa m'madzi kuposa muyeso wake, ndipo m'chilimwe cha Zambezi chala chimodzi cha kuya chimasiyanitsa kudutsa ndi kutitimira. Ma Robert inkatitimira kawirikawiri. Ikatero anthu ankaponya nangula kutsogolo, ena n'kulowa m'madzi, n'kuikhwekhwereza pamchenga mpaka ipeze poyandama. Kukhwekhwereza kulikonse kunkapala penti wapansi n'kusiya chitsulo pamtetete. Mkulu woyendetsa sitimayo, msilikali wapamadzi Norman Bedingfeld, adakangana ndi Livingstone n'kusiya ntchito miyezi yoyambirira yomweyo, moti chiwongolero adachigwira Livingstone mwini wake, munthu yemwe adaphunzira udokotala ndi ubusa. Yemwe adaisunga ndi moyo adali injiniya wa ku Scotland, George Rae. Ku Tete adakafika pa 8 September 1858.

Nkhuni ndiye zidawasautsa koopsa. Ng'anjo ya sitimayo inkadya nkhuni zambiri koma nthunzi n'kumabwera mwaulesi. Livingstone adalemba kuti moto ankasonkha 2 koloko usiku koma nthunzi yokwanira kunyamuka inkapezeka cha m'ma 6 koloko m'mawa. Taganizani munthu wosonkha motoyo: mdima, udzudzu, akuponya zipika m'ng'anjo maola anayi, maso ali pa geji, singano yake ikukwawa. Nkhuni zoyendera tsiku limodzi zinkawatengera tsiku ndi theka kudula, ndipo poti zofewa zinkangopsa osapereka mphamvu, ankasakasaka mitengo yolimba, mpaka phingo ankalowa m'moto. Aliyense wodziwa mtengo wa chosema cha phingo lero akhoza kugwira pakamwa. Mabwato akuluakulu odzadza katundu ankayenda nayo pafupifupi limodzi, ang'onoang'ono ankaipitirira, opalasa ake akucheuka modabwa. Eni ake adaipatsa dzina lachipongwe loti Asthmatic chifukwa cha kupuma kwake kwa mphumu. Malasha adalipo pafupi ndi Tete, dera lomwe lero kuli migodi ya Moatize, ndipo katswiri wa miyala pa ulendowo, Richard Thornton, adatumidwa kukawafufuza, koma padalibe mgodi woti n'kudyetsa sitima tsiku ndi tsiku.

Tisainyoze kwambiri komabe, chifukwa ntchito idagwira. Mu November 1858 idafika pa mathithi a Kebrabasa, pomwe lero pali damu la Cahora Bassa, ndipo Livingstone adaona ndi maso ake kuti njira yake ya Zambezi yatsekeka. Apa m'pomwe adatembenukira ku Shire. Mu January 1859 Ma Robert idakhala sitima yanthunzi yoyamba kukwera mtsinje wanuwo. Idadutsa dera la mfumu Tengani, komwe anthu adaikhamukira m'mbali mwa mtsinje mauta ali m'manja mpaka atakambirana, idadutsa dambo lomwe adalitcha Elephant Marsh ataona njovu zomwe adaziwerenga kuti zidakwana 800, n'kukaima pa mathithi a kumtunda kwa Chikwawa, omwe adawatcha Murchison. Maulendo ena awiri chaka chomwecho ankaisiya pa mudzi wa Chibisa n'kupitirira wapansi. Pa 18 April adaona nyanja ya Chilwa, ndipo pakati pa September adafika pa nyanja ya Malawi. Sitimayo payokha sidaione nyanjayo.

Pofika pakati pa 1859, chaka chimodzi chokha chitadutsa, pansi pake padali patayamba kulowa madzi. Momwe Livingstone adafotokozera matendawo, wokonza maboti aliyense akhoza kuwazindikira lero. Pankayamba kabowo kakang'ono, kuchokera pamenepo n'kutuluka timizere tanthambinthambi, ndipo pomwe kamzere kakhota pankabookanso. Posachedwa pansi ponse padakhala ngati sefa ya ufa. Limeneli ndi dzimbiri lokumba, losiyana ndi lija lofiira lomwe limangofalikira pamwamba. Limasankha malo amodzi pomwe penti wachoka kapena pomwe chitsulo chidasakanizika mosalingana pochipanga, n'kumaboola chozama pomwe malo ozungulira akuoneka abwinobwino. Steel ya m'ma 1850 idali yosalingana motero. Onjezerani madzi ofunda a mitsinje ya kuno kotentha, omwe amafulumizitsa dzimbiri. Onjezeraninso maulendo opita ku Kongone, kumathiriro, kukakumana ndi sitima zobweretsa makalata ndi zakudya, komwe chitsulo chopalikacho chinkanyowa ndi madzi amchere. Ngati pali madzi omwe tingawazenge mlandu, ndi amenewo. Mkati namonso munkakhala madzi osaphwa osakanizika ndi phulusa, ndiye chitsulo chinkadyeka kuwiri.

Pokonzera padalibe. Chomwe akadatha n'kuikweza pamchenga ku Kongone madzi akaphwera, kumata zigamba msangamsanga, madzi akabwera n'kuyandamanso. Chigamba chimafuna chitsulo cholimba choti chigwirepo, ndipo pa sefa palibe poti chigwire. Chipinda chogonamo pansi pake pankakhala madzi, udzudzu n'kumaswana momwemo, denga likudontha moti mvula ikagwa ankalemba atafunda ambulera. Kumayambiriro kwa 1860 Rae adabwerera kwawo kukayang'anira kukhoma kwa sitima ina, Lady Nyassa, yomwe Livingstone adalipira ndi ndalama zake. Kuyambira May mpaka November chaka chimenecho Livingstone adali pa ulendo wapansi woperekeza Amakololo kwawo, Ma Robert ili chikhalire pamadzi pafupi ndi Tete, amalinyero awiri akuilondera. Miyezi isanu ndi umodzi imeneyo dzimbiri silidapume.

Pa 3 December 1860 adanyamuka nayo ku Tete kulowera kumunsi, mtsinje uli wophwa. Tsiku lililonse pankabooka pena. Pampu ya injini idafa. Usiku zipinda zinkadzadza madzi, m'mawa n'kuyamba ndi kukapa asanasonkhe moto. M'mawa wa pa 21 December idakwera pa mulu wa mchenga kumtunda kwa Sena, madzi n'kudzadza. Kuikapa kudakanika, kuikoka kudakanika. Usiku womwewo mtsinje udakwera, poti mvula idali itayamba kumtunda, ndipo kutacha chomwe chinkaoneka ndi nsonga za milongoti yake iwiri, pafupifupi mamita awiri pamwamba pa madzi. Palibe adafa, ndipo katundu wambiri adapulumutsa. Khirisimasi adadyera pa chilumba, kudikira mabwato ochokera ku Sena. Sitima yolowa m'malo mwake, Pioneer, idafika ku Kongone pa 31 January 1861. Mayi Mary, mwini dzina, adafika ku Zambezi mu 1862 sitimayo itamira kale, moti sadaikwerepo.

Livingstone mlandu wonse adaukankhira kwa a Laird, ndipo m'makalata ake adawalalatira kwambiri. Mbali ina adalondola: kutumiza chitsulo chosayesedwa kudziko lopanda doko lokonzera kudali kutchova juga, ndipo ng'anjo ija idali yosayenera nkhuni. Koma ine ndimaona kuti iyenso ali ndi gawo lake. Sitima yokhomedwa kuti iyende yopepuka adaidzadza katundu, adaikokera pamchenga chilimwe chonse, ndipo itayamba kulowa madzi adapitiriza kuiyendetsa chaka china ndi theka. Mwina sakadachitira mwina poti ina padalibe. Koma Ma Robert sidawadzidzimutse. Idachenjeza kwa miyezi 18.

Tsopano funso la amalume lija. Madzi a Shire ndi omwewo otuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi. Pa nyanjapo Chauncy Maples, yomwe idalowa m'madzi mu 1901, idakhala yoyandama zaka zoposa 100, ndipo Ilala yomwe tikuidziwayi idayamba maulendo ake mu 1951. Pa mtsinje penipenipo, sitima zachitsulo za African Lakes ndi makampani ena zidayenda zaka zambiri pakati pa Chinde ndi Chiromo, kudutsa pakhomo panu pomwepo nthawi yomwe Nsanje ankatchedwa Port Herald. Zonsezi chitsulo chake chidali chokhuthalirapo, ndipo zinkatulutsidwa kumtunda, kupalidwa ndi kupakidwa penti.

Choncho boti lachitsulo musaliope chifukwa cha mtsinje. Opani boti lomwe simunalione pansi. Musapereke ngakhale tambala lili pamadzi. Litulutsidwe kumtunda, litsukidwe, liume, ndipo inu mulowe pansi ndi nyundo yaing'ono ya mutu wobulungira. Gogodani pang'onopang'ono, chikhatho chimodzi ndi chimodzi. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee, nyundo n'kudumpha. Chodyeka chimangoti bu, bu, ndipo nthawi zina mumamva chikulowa mkati pang'ono. Mukaona kachithuza pa penti, kabooleni ndi sikuludiraiva. Mukapeza timadzi takuda ndi kadzenje pansi pake, limenelo ndi dzimbiri lokumba lija, ndipo komwe kuli kamodzi kumakhala ena. Malo oyamba kuwola ndi mzere womwe madzi amalekezera, kutsogolo komwe boti limakhudza mchenga pokocheza, kumbuyo pafupi ndi pulopela, ndi pansi pa injini.

Kenako kwerani mkati muzule matabwa opondapo. Ogula ambiri amaiwala apa, chonsecho maboti ambiri achitsulo omwe ndawaona atatha adayambira mkati. Madzi amvula amakhazikika m'mbali mwa nthiti za boti, pamwamba pali matabwa, palibe amene akuwaona. Mukapeza simenti yothiridwa pansi, funsani chomwe ikubisa. Mukapeza zigamba zowotcherera pamwamba pa zigamba zinzake, dziwani kuti chitsulo chowolacho chikadali pansi pake ndipo chikupitiriza kudyeka. Kukonza koyenera n'kudula chowolacho mpaka pomwe pali chamoyo n'kulowetsapo chatsopano. Penti wonyezimira wopakidwa sabata yatha pa boti lakale ine amandichititsa kugogoda kawiri.

Mwatchula feteleza, ndiye ndichenjezeretu. Feteleza akatayikira m'boti n'kunyowa amadya chitsulo msanga kuposa madzi a mtsinje uliwonse. Yalani lona pansi, ndipo mukatsitsa katundu tsukani ndi kuumitsa tsiku lomwelo. Mawaya a batire osamangika bwino nawonso amatha kuboola boti m'miyezi yochepa magetsi akamadutsa m'chitsulo kupita m'madzi. Kunja, pansi pa boti, pamafunika tizitsulo todyeka m'malo mwa boti, tomwe amati ma anode. Pamadzi opanda mchere ngati athuwa toyenera ndi ta magnesium, poti ta zinc timagwira bwino kunyanja yamchere. Ndipo konzekerani kulitulutsa kumtunda kamodzi pachaka, kulipala ndi kulipaka penti wolimba wa epoxy, makamaka poti pa Shire boti limakhudza mchenga tsiku ndi tsiku. Ngati kwanuko kulibe potulutsira boti la msinkhu umenewo, kapena wowotcherera wodziwa ntchito ali kutali, lingalirani bwino, chifukwa vuto limenelo ndi lomwe Rae adalimbana nalo.

Funsaninso kuti likadzadza limalowa m'madzi mozama bwanji. Pioneer ija idali yolimba, koma inkafuna madzi akuya mita imodzi ndi theka, ndipo kumapeto kwa 1861 idakhala masabata angapo itatitimira pa mchenga wa Shire. Pitani m'mwezi wa October kapena November, madzi atatsika, muyeze ndi nsungwi malo osaya kwambiri pa njira yomwe mukufuna kuyenda. Muyeso umenewo ndiwo ukuuzeni matumba angati munganyamule, osati kukula kwa malo a m'boti. Namasupuni nayenso amatseka polowera madzi oziziritsa injini, ndiye onani ngati polowerapo pali sefa yochotseka mosavuta.

Lamatabwa lili ndi ubwino wake. Ndi lotsikirapo mtengo, mmisiri wolikonza mumupeza pafupi, ndipo thabwa limodzi likawola mumangosintha lomwelo. Koma limawolanso, makamaka pomwe madzi amvula amakhazikika, limafuna kumatidwa pafupipafupi, ndipo matabwa abwino akusowa ndi kudula. Pa katundu wolemera ngati simenti, boti lachitsulo lomwe chitsulo chake chikadali chokhuthala ndingalisankhe. Lachitsulo lodyeka ndiye likuposedwa ndi lamatabwa latsopano.

Nyundo imakuuzani pokayikitsa, koma siyikuuzani mamilimita otsala. Musanamalize za mtengo, itanani woyeza maboti wochokera ku nthambi ya boma yoona za maulendo apamadzi, kapena katswiri wa ku Monkey Bay yemwe ali ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kwa chitsulo osachiboola. Lamulo limafunanso kuti boti lochita malonda lilembetsedwe ndi kuyezedwa, ndiye funsani wogulitsayo mapepala ake ndi tsiku lomwe lidayezedwa komaliza. Pomwe chitsulo chataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kukhuthala kwake, pamenepo mpofunika kusintha. Wowotcherera awerengere ndalama ya malo onse otero, ndipo ndalamayo ichotsedwe pa mtengo wa boti. Wogulitsa akakana kulitulutsa kumtunda, kapena mukamva kuti limafuna kukapidwa m'mawa uliwonse lili chikhalire padoko, lisiyeni mukafune lina.